Anasesa Malo Anga Chifukwa cha Munga wa Mlendo

Malemu apongozi anga anandichenjeza ndili mtsikana: "Ukaona mlonda akumwetulira, gwiritsa katundu wako." Lachiwiri ndinaiwala, ndipo lero ndilibe mankhwala a BP.

Ndinafika pachipatala chathu chaching'ono 6 koloko isanakwane. Dzina sinditchula, eni ake akudzidziwa. Okalambafe sitingaime padzuwa, ndiye timandandalika mapatapata kuyambira pawindo la mankhwala, ife n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Langa linali lachitatu. Diso silinachokepo, poti anthu akuno ndimawadziwa.

Cha m'ma 9 kunafika galimoto ya alendo a ku Amerika, bambo ndi mkazi wake. Akuti ankajambula zigafa za fodya, mayiyo n'kubayidwa ndi munga kuphazi. Munga. Ife amene takalambira m'mizere ya fodya opanda nsapato, bwenzi atatigoneka kangati?

Mlonda amene sanandiyankhepo moni chaka chino, mano onse panja. Anathamangira tsache. Akuti alendo asaone uve pakhomo. Mzere wonse anausesa, mapatapata mulu umodzi kuseri kwa thanki.

Ndinati, "Bambo inu, mwasesatu malo anga."

Iye amvekere, "Agogo, musatichititse manyazi pamaso pa azungu."

Mayiyo sindimuda. Ankafuna kukhala pabenchi ngati aliyense, koma anamukoka dzanja ndi anesi athu omwe. Mpando wa adokotala unatuluka. Madzi a m'botolo anapezeka. Anesi awiri, munga umodzi. Mawu ofewa aja amawasunga kuti ife tikabwera?

Galimoto itachoka, amiyendo yolimba anathamangira pawindo. Ine ndi mawondo angawa ndinali ndikufukulabe mulu. Ndinafika 12 koloko itadutsa. Apawindo akuti mankhwala a BP angotha kumene, ndibwere mwezi wamawa. Ndinafunsa ngati BP nayonso aiuza kuti idikire. Anatseka windo.

Akuluakulu azaumoyo kuboma, ndiyankheni. Kuti munthu aoneke pachipatala cha kwawo, azibwera atakoleka kamera m'khosi?

Inu amayi anzanga amvano, mutu ukundiwomba, ndipo m'nyumba muno ndimakhala ndekha. Muzidutsa m'mawa uliwonse, muziitana mpaka ndiyankhe. Ndikapanda kuyankha, thyolani chitseko. Koma muzibwera awiri, wina aziyang'ana manja a mnzake.