Jekete la Bambo Alufandika ndi nthochi za ku Mbare

Ku Rugare palibe amene sadziwa Bambo Alufandika, kupatula mwina makanda obadwa chaka chino. Anagwira ntchito ku njanji zaka makumi atatu ndi zinayi, kulongedza katundu m'mabogi ndi kumufunditsa malona kuti mvula isamuwononge. Chimene anatuluka nacho kumeneko, kuwonjezera pa kapenshoni kochititsa manyazi, ndi lona limodzi lobiriwira, mimba yotsogola, ndi chikhulupiriro chakuti chinthu chabwino chimayenera kubwera chambiri nthawi imodzi.

M'kabati mwawo munali jekete lotuwa la malemu bambo awo. Mkuluyo anachoka ku Ntcheu wapansi ali mnyamata kudzafuna ntchito m'dziko lino, ndipo jeketelo analigula ndi malipiro ake oyamba a ku njanji. Analivala pa ukwati wake, ndipo Bambo Alufandika nawonso analivala tsiku limene anakwatira Mayi Melina. Tsono mwana wawo wachitsirizira, Chenai, atabwera kuchokera ku Kambuzuma kudzanena kuti kwatsala miyezi iwiri kuti amange ukwati ku tchalitchi, bambowo anangodzuka n'kulunjika ku kabati.

M'mapewa linalowa bwinobwino. Koma batani ndi bowo lake zinakana kuonana, pakati pake panatsala mpata wa zala zinayi.

"Baba, musavutike, tikugulirani suti yatsopano ku tauni," anatero Chenai.

"Suti yogula ndi ya alendo oitanidwa. Ine ndidzakuperekeza m'jekete la agogo ako, ndipo lidzatsekeka."

Chenai, pofuna kuthandiza, anawaonetsa pafoni kanema wa anthu amene amadya zipatso ndi masamba osaphika okhaokha, onse oonda ndi osekerera. Apo ndiye analakwitsa mwanayo. Bambo Alufandika si munthu woti umuonetse kanjira iye n'kuyenda pang'ono. Tsiku lomwelo analengeza kuti chilichonse chodutsa pamoto asiya.

Masiku atatu oyamba ankagula pa katebulo ka ogulitsa zipatso ka pakona, nthochi zitatu lero, peyala limodzi mawa. Mtengo wake unawawawa mumtima. Akuti kumeneko n'kugula kwa ana asukulu. Munthu wanzeru amapikula kumene malole a zipatso ochokera ku minda ya ku Honde amatsitsira. Choncho Lachiwiri m'mamawa anatulutsa wilibala n'kuikankha wapansi mpaka ku msika wa Mbare, poti m'kombi, maminibasi a kuno, sakanawalola nayo. Anabwerako dzuwa lili pamutu, thukuta kamukamu, atasenza makatoni anayi a nthochi zosapsa. Ankaima pa geti iliyonse kufotokoza kutchipa kwake ngakhale kwa anthu amene sanafunse.

Mayi Melina anaziyang'ana nthochizo atagwira m'chiuno. Iwo anakulira pa famu ya zipatso ku Mazowe, kumene makolo awo ankagwira ntchito, ndipo anayamba kusankha zipatso asanadziwe kulemba dzina lawo.

"Bambo a Chenai, musaziunjike pamodzi. Nthochi zimapsetsana. Ndipo musazifunditse."

"Amake Chenai, katundu ndamusamala zaka makumi atatu ndi zinayi. Ndinamva liti kuti bogi yanga yawola?"

"M'bogi mwanu munkakhala simenti."

Sanamve. Anasanja makatoniwo kuseri kwa nyumba mwadongosolo, anafunditsa lona lija, namanga zingwe mfundo zake za ku njanji zimene ngakhale mphepo ya mkuntho singamasule. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

Pofika Loweruka fungo linali litafika pamsewu. Atavundukula lona anapeza nthochi zonse zapsa tsiku limodzi, zachikasu zokhazokha, zina zayamba kale timadontho takuda. Munthu wina akanavomera kuti walakwa. Bambo Alufandika anakoka mpando n'kuyamba kudya. Tsiku loyamba anatha makumi awiri. Tsiku lachiwiri anatha khumi ndi zisanu ndi zitatu, akutafuna ngati ng'ombe yodwala. Tsiku lachitatu anakayesa jekete mobisa kuchipinda, ndipo mpata uja unali wa zala zisanu.

Apa mantha anawagwira enieni. Anakhala pabedi jekete lili pamiyendo, akuganiza za bambo awo, munthu woonda ngati bango amene anayenda wapansi dziko lonse lija kuti ana ake adzadye n'kukhuta. Ndiye ana akhutadi, mpaka jekete lakana. Zinawapweteka kwambiri.

Mayi Melina atawapeza choncho anayamba aseka kaye, kuseka kotuluka nako misozi, pakuti anali atakusunga sabata yathunthu. Atatha anapukuta m'maso n'kunena kuti, "Tengani wilibala yanu. Zimenezi sizifika mawa. Kagawireni anthu."

Anayenda Rugare yense tsiku limenelo. Anasiya phava la nthochi kwa amayi amasiye a anzawo a ku njanji, phava ku sukulu ya mkaka, phava kwa abusa. Anafika ndi kwa Bambo Antonio, mnzawo amene ankamanga naye zingwe m'mabogi, yemwe miyendo inamukana ndipo anali asanamuone zaka ziwiri ngakhale amakhala misewu inayi yokha kuchokera kwawo. Anacheza mpaka nthochi za m'mbale zinatha.

"Ukapitanso ku Mbare undigulireko," anatero Bambo Antonio. "Za pakona pano ine sindizikwanitsa."

Mawu omwewo anawamva m'nyumba zisanu ndi imodzi. Umu ndi mmene inayambira ntchito imene Bambo Alufandika akuigwira mpaka lero. Lachiwiri ndi Lachisanu amakankha wilibala kupita ku Mbare, amapikula zimene zili pa nyengo yake, kaya malalanje, kaya mapapaya, kaya mango, n'kubwera kudzagawana ndi mabanja aja pa mtengo wa ku lole. Katoni imene ikanawolera nyumba imodzi imatha bwinobwino m'nyumba zisanu ndi ziwiri.

Koma zosunga zinachoka m'manja mwawo. Mayi Melina ndiwo analamula: nthochi zosapsa pansi pa bedi, motalikirana, pa chiguduli, zofunika mawa m'pepala pamodzi ndi peyala lakupsa, malalanje adikire chifukwa sathamanga. Lona linapita kukafunditsa khola la nkhuku. Nkhani ya zosaphika zokhazokha nayonso anaidula pakati. Zipatso m'mawa ndi masana, koma madzulo kambale ka chakudya chotentha. "Sindikufuna mwana wanga aperekezedwe ndi bambo wokomoka pa guwa," anatero, ndipo bambowo ulendo uno anamvera.

Kaya ndi zipatso, kaya ndi wilibala, mimba inayamba kubwerera. Zala zinayi, zitatu, ziwiri. Koma sabata ya ukwati itakwana panatsalabe chala chimodzi, ndipo chinakanirira. Anawonjezera ulendo wa ku Mbare Lachinayi popanda chogula, osathandiza. Nkhaniyi anam'bisira Chenai.

M'mawa wa ukwati nyumba inadzaza azakhali ndi ana, wina akufuna ayironi, wina wataya nsapato. Bambo Alufandika anadzitsekera kuchipinda. Anavala jekete, anakokera mpweya m'kati, nagwira batani. Linalowa m'bowo mosavuta, ngati lakhala likulowa masiku onse.

Anaweramitsa mutu kuliyang'ana. Ulusi wake unali watsopano, wakuda bii, pamene mabatani enawo anali ndi ulusi wotuwa wa kalekale. Batanilo linali litasunthira kumphepete kwenikweni kwa nsalu, ndipo pamalo pake pakale panatsala timabowo tinayi. Kasokedwe kameneko ankakadziwa, n'komwe kali pa makolala a malaya awo onse.

Mayi Melina anali pagalasi kumanga duku, atawafulatira.

"Latsekeka, amake Chenai."

"Nthochi zimenezo," anayankha mayiwo osatembenuka.

Ku tchalitchi Chenai anakolowetsa dzanja lake pa mkono wa jekete la agogo ake amene sanawaonepo. Bambo Alufandika anayenda naye pang'onopang'ono, mimba ataikokera m'kati, akupuma mwakuba kuopera batani. Atafika kutsogolo n'kupereka dzanja la mwanayo kwa mkamwini, zinawakanika. Misozi inatsika, ndipo anapuma mpweya wonse umene anausunga kuchokera pa khomo.

Mayi Melina, pa benchi yoyamba, sankayang'ana mkwatibwi. Maso awo anali pa batani, ndipo silinaduke.