Chithunzi cha Bambo Ali Okha

Chaka chachitatu ku yunivesite tinkaphunzira zojambula pa kompyuta. Ine ndinali katswiri, ndipo sindinkabisa. Mphunzitsi wathu, bambo wosaseka wa ku Msongwe, ankatipatsa chithunzi cha gulu n'kunena kuti, "Dulanimo munthu mmodzi. Tsitsi lake lisaduke, ndipo mthunzi wa mnzake usatsalire paphewa." Anzanga ankatuluka thukuta m'kuzizira konse kwa Mzuzu, ine nditamaliza kalekale n'kumawaseka.

Nthawi yomweyo bambo anga anagonekedwa m'chipatala. Chifuwa chinawagwira zolimba, ndipo tsiku ndi tsiku ankangochepa pabedi paja. Kwathu ku Chibavi abale anayamba kufika osaitanidwa, ena ndi zikwama zazikulu ngati odzakhalitsa. Amayi ankawalandira, koma ine zikwama zimenezo zinkandinyansa.

Loweruka lina kukuwaza kamvula, bambo aang'ono anandikokera kuseri kwa nyumba. M'manja anali ndi chithunzi cha ukwati wa makolo anga, chimene anachita kuchichotsa pakhoma la pabalaza.

"Iwe wa makompyuta, uchotsemo amama ako apa. Atsale adada okha. Kumbuyoku uikeko mitambo."

"Cha chiyani? Munthu akupuma."

"Izi timakonzeratu, mwana wanga. Patsikulo mutu sugwira. Yewo chomene."

Ndinadziwa bwinobwino. Chithunzi chotere ndi chimene chimatsogolera bokosi, chomwe amachisindikiza papulogalamu ya maliro. Ndinapsa mtima, koma wamkulu sumuyankha kawiri. Ndinachilowetsa m'laputopu yanga n'kuyamba ntchito, mantha ali tho, ngati ndikuikodola imfa ndi manja anga. Dzanja la amayi linali pamkono wa bambo, ndipo ndinalifufuta chala chimodzichimodzi. Ntchitoyo inatuluka yosalala kuposa zonse zimene ndinaperekapo m'kalasi, ndipo ndinadana nayo.

Mawa lake masana ndinapita kuchipatala kukawaona bambo. Laputopu ndinaitenga chifukwa kunyumba manja anali atachuluka. Ndinawapeza atatsamira pilo, maso atalowa m'kati, koma nzeru zili bwinobwino.

"Tandionetsa zimene mumaphunzira kumeneko," anatero bambo.

Ndinatsegula kuti ndiwaonetse mpando umene ndinajambula m'kalasi. Kalanga ine, ntchito ya dzulo ndinali ndisanaitseke. Anatulukira iwo okha, atavala suti, mitambo kumbuyo.

Ndinafuna kutseka msanga, koma anandigwira pamkono. Anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, mpweya ukulira m'chifuwa.

"Wakutuma ndani?"

Sanadikire yankho. Anangokhudza galasi la laputopu ndi chala, pamkono wa suti pamene ndinafufuta paja.

"Luso uli nalo," anatero motsitsa mawu. "Koma dzanja la amama ako libwerere pamalo pake. Ine ndikadalipo."