Tsache la ku Bua

Ntchito yanga yoyamba sindinaipeze chifukwa cha nzeru. Anzanga onse a kusukulu ya zaumakaniki anali ataikana, pamene ine ndinali nditatopa kugulitsa kaunjika wa achemwali anga. Mphunzitsi wathu wakale atandiimbira kuti kampani ina ikufuna woyang'anira injini yoyendera haidrojeni ku Nkhotakota, ndinavomera ndisanafunse n'komwe kuti ndizikagona kuti.

Injiniyo inali m'kanyumba ka malata pafupi ndi pamene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja, ndipo inkapopa madzi opita m'minda ya mpunga. Poyamba inali ya dizilo, koma anaisintha n'kuiika mapulagi oyatsira moto. Magetsi a sola ankatulutsa mpweya wa haidrojeni kuchokera m'madzi, ife n'kumausunga m'masilinda. Ntchito yanga inali kulumikiza laputopu kukabokosi kolamula mainjekita, n'kumakonza nthawi imene azilavulira mpweyawo mu injini. Akalavula msanga, valavu ya utsi isanatseke, mpweyawo unkakumana ndi kutentha n'kuphulikira kumbuyo, phaa! Akachedwa, injini inkafooka, madzi n'kumangodontha.

Anthu ankati m'kanyumbamo muli bomba. Amayi opita kumunda ankazungulira patali, ndipo pamsika ndinali "mayi wa bomba uja". Bwana wanga, a Kaunda, ankakhala ku Lilongwe, ine n'kumangowamvera pafoni. Ndinkadya ndekha, n'kumalankhula ndi injini ngati mnzanga. Ndinasungulumwa zedi, moti masiku ena ndinkachita dala kuchedwa kuizimitsa kuti pakhale phokoso.

Mmodzi yekha ndi amene sankaopa: a Rajabu, fundi wachikulire wa injini za maboti. Lachisanu lililonse akachoka kumzikiti ankabwera, n'kukhala pa chigubu, n'kutchera khutu. "Yadya msanga iyi, mwana wanga," ankatero, ndipo ndikayang'ana pa laputopu ndinkapeza kuti n'zoona. Chimene chinkawaseketsa ndi tsache. Moto wa haidrojeni suoneka masana, ndiye lamulo linali lakuti poyandikira mapaipi ndizitsogoza tsache la udzu, kuti ngati pali moto liyambe ndilo kupsa. "Sukulu yonse ija kuti udzagwire tsache?" ankatero akuseka. Ndinkayamba kudikira Lachisanu kuyambira Lolemba.

Tsiku lovuta linali Lachisanu lina m'chilimwe. Nditasintha silinda, injini inayamba kutsokomola n'kumazima. Mpunga unali utayamba kufota, ndipo kwa nthawi yoyamba alimi anabwera, n'kuima cha pamtengo wa mango kudikira madzi. A Rajabu anali mkati ndi ine. Ndinaimbira a Kaunda, n'kuika foni pa sipika kuti manja agwire ntchito.

"M'paipimo mwalowa mpweya," anatero. "Chotsani mpweya kaye."

Ine ndinamva zimene ankatanthauza: kutseka silinda, kutsuka paipi ndi mpweya wosayaka wa naitrojeni, zonse n'kutulukira kudenga. Koma kwa fundi wa dizilo, kuchotsa mpweya ndi kumasula nati ya painjekita mpaka thovu litatha. A Rajabu anali atachita zimenezi moyo wawo wonse. Ine maso ali pa laputopu, ndinangomva kuti tsiii. Pocheuka, a Rajabu ali ndi sipanala m'manja, dzanja lina likupita panatipo kuti amve ngati mpweya ukutuluka.

"Iwe! Siya! Choka apo!"

Ndinawakankha mpaka mzuli wawo unagwa pansi. Ndinatseka silinda, kenako n'kulozetsa tsache panati paja. Linayaka lonse nthawi yomweyo. Pamene dzanja lawo linkapita panali moto, ndipo tonsefe sitinauone.

A Rajabu anayang'ana tsachelo mpaka linatha kupsa. Kenako anatola mzuli wawo, n'kuusasa fumbi. "Zikomo, mayi," anatero, n'kutuluka. Sanati mwana wanga.

Ndinasintha washala, kamphete kotsekera mpweya, ndinamanga nati, ndinatsuka paipi, ndinapaka thovu la sopo polumikizira paliponse kuti ndione ngati pakutuluka, n'kuchedwetsa mainjekita pang'ono. Pofika madzulo madzi anali m'ngalande. Koma nkhani imene inayenda m'mudzi sinali ya madzi kapena ya moto. Alimi aja motowo sanauone. Chimene anamva n'chakuti kamtsikana kobwera katchula fundi kuti iwe, pamaso pa anthu.

Ndinapita kwawo kukapepesa. Anandilandira bwino, akazi awo anandipatsa tiyi, iwo n'kunena kuti palibe mlandu. Koma Lachisanu lotsatira chigubu chija chinangokhala chokha, linalo chimodzimodzi. Zinandiwawa kuposa kusungulumwa kwa poyamba, chifukwa tsopano ndinkadziwa amene ndikumusowa.

M'mawa wina ndinapeza tsache latsopano litatsamira pachitseko, lomangidwa ndi ulusi wa ukonde. Eni ake sanagogode.

Ndinakhala ku Bua zaka ziwiri. Lero ndikamaphunzitsa amakaniki atsopano, mawu akuti mpweya okha sindiwalola pafupi ndi injini. Munthu anene kuti haidrojeni, kapena anene kuti mphepo yakunja. Koma za mawu aja akuti iwe ndaziganiza kambiri, ndipo zitachitikanso ndikhoza kuwanenanso. Bola a Rajabu andikwiyire ali ndi zala zonse khumi. Tsache lawolo sindinasesereko ngakhale tsiku limodzi.