Tsiku Limene Ndinatsuka Fumbi la Abwana

Zaka zija za chipani chimodzi, sopo tikuchita kufolera pamzere, ndinkakhala ku Kalingalinga, komboni ina ya mu Lusaka, ndipo ndinkagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu ena, mtunda woyenda pansi. Abwana anali mphunzitsi wa ophunzira akuluakulu, munthu wa imvi, wosayankhulayankhula. Madamu, akazi awo, ndiwo ankadziwa Chinyanja, poti anakulira pamishoni kummawa.

Mwezi wina wa mphepo abwana anapita ku migodi masiku atatu. Madamu anandiuza kuti, "Amai, chipinda chowerengera chija chada. Mukonzemo bwino eniake asanabwere."

Ndinali ndisanalowemo. Ndinasesa, ndinakolopa, ndinapukuta mabuku. Kenako pashelefu ndinapeza kabokosi kamatabwa, mkati muli timabotolo tisanu ndi kamodzi, tating'ono ngati chala. Pansi pa kalikonse panali kafumbi kofiirira, kosakwana n'kunsonga ya supuni komwe. Ine wa mukomboni, amene ndinkalimbana ndi fumbi m'mbale, m'mabulangete, ngakhale m'mano, ndinangoti uve umenewu walowa bwanji m'botolo lotseka? Ndinatiyika m'beseni, ndinatsuka ndi sopo, timapepala tomatidwa pamenepo tinanyowa n'kumatuka. Ndinatiyanika pawindo tikuwala mbee.

Abwana atabwera ndinali kukhitchini. Ndinamva chitseko cha chipinda chija chikutseguka, kenako zii. Ndinadikira kuti andiyamike. Mmalo mwake ndinamva mawu amene sindinamvepo kwa munthu wamkulu, ngati wapondedwa pachifuwa. Nditathamangira ndinawapeza atakhala pansi penipeni, pasimenti, kabokosi kali pamiyendo.

"Nalakwa chani, ba madamu?" ndinafunsa. "Naphwanya chinthu?"

Madamu anagwira pakamwa. Anandikhazika pampando, chinthu chimene sanachitepo, abwana n'kutenga mpira wina wojambulidwa maiko onse. Iwo ankayankhula Chingerezi pang'onopang'ono, madamu akumasulira.

Anaika chala pamwamba penipeni pa mpirawo, pamalo oyera. Akuti kumeneko kulibe mtengo, kulibe munda, nthaka siioneka, ndi madzi oundana okhaokha, okwera kuposa nyumba zosanja za m'tauni. Ali anyamata anakhalako miyezi m'tenti ndi anzawo, akukumba madzi oundanawo, kuwasungunula ndi kusefa. Chotsala pa sefa ndi kafumbi kaja. Chala chawo chimodzi cha kuphazi chinafera komweko ndi kuzizira.

"Nanga ngati kulibe dothi, fumbi ichoka kuti?" ndinafunsa.

Chala chawo chinatsika mpirawo, kudutsa nyanja, mpaka pazipululu zakutali. Akuti mphepo imanyamula fumbi kumeneko, kulikweza pamwamba kuposa mitambo, n'kuyenda nalo masiku ambiri mpaka kukalitula kumapeto a dziko. Likagwa limakwiririka, chaka ndi chaka. La m'botolo lina linagwa agogo a agogo anga asanabadwe.

Ndinayang'ana manja anga. Chinthu chinawoloka nyanja popanda sitima, chinagona m'madzi oundana zaka zosawerengeka, munthu anatayirapo chala, ine n'kuchithira m'ngalande ya kuseri kwa khitchini pamodzi ndi madzi a mbale! Ndinatuluka osatsanzika, ndinakagwada pangalandepo n'kuyamba kufukula matope ndi zala. Abwana ananditsatira, anandigwira paphewa n'kupukusa mutu. Dothi la Lusaka ndi fumbi lawo zinali zitasakanikirana kale.

Pobwerera kunyumba kamvulumvulu anadutsa pafupi ndi msika, kunyamula mapepala ndi fumbi, amayi ogulitsa tomato akutukwana. Ndinaima n'kumuyang'ana mpaka anathera m'mwamba. Amuna anga, amene ankanyamula matumba kumafakitale, nditawafotokozera anaseka.

"Iwe, muzungu angalilire doti? Bakuchotsa nchito chabe, ukamba vinthu vina."

Sanandichotse. Madamu anadziimba mlandu poti sanandichenjeze, ndipo kwa sabata yathunthu awiriwo ankadya osayankhulana. Abwana sanandikalipire ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa mbama. Ndinagwirabe pamenepo zaka ziwiri. Atatsala pang'ono kubwerera kwawo ndinawafunsa, kudzera mwa madamu, ngati adzapitenso kukakumba lina. Anati ayi, mawondo atha, kumeneko n'kwa achinyamata. Anandipatsa moni wa m'manja pageti, galimoto n'kunyamuka.