Miyala ya Malume Odiel

"Ndiye ukuti ndiziwapatsa ulere? Ku Kanada kwanuko miyala amangogawa?"

Malume Odiel ankayankhula akutsuka miyala m'wilibala, paipi ya madzi ataipana ndi zala zitatu zimene zinatsala kudzanja lamanja. Ine n'kuti nditangobwerera kumene kuchokera ku Montreal, ndipo zonse za kwathu kuno ku Flanders zinkandinyansa: matope, fungo la ndowe za nkhumba, mabasi a alendo odzaona manda a asilikali.

Malumewa anabadwira pamunda womwewu. Moyo wawo wonse ndi mbatatesi. Chaka ndi chaka thalakitala imafukula mabomba a nkhondo yoyamba ya dziko lonse, iwo n'kumawaimika m'mbali mwa msewu ngati mabotolo a mkaka kuti asilikali adzatenge. Limodzi silinadikire asilikaliwo. Linawadula zala ziwiri akadali mnyamata, ndipo mtsikana amene anamutomera anakakwatiwa ndi wophika buledi wa ku Ieper.

Pangodya ya mundawo pali mulu wa miyala wofika m'chiuno. Tonse tinakula tikuidziwa nkhani yake. Asilikali a ku Scotland, asanapite kukamenyana, aliyense anatola mwala pa tchalitchi chogumuka n'kuuponya pamenepo. Amene anabwerako amoyo anachotsapo umodziumodzi. Yotsalayo ndi anthu amene sanabwere. Anzawo anaiunjika bwinobwino, ena n'kukandapo zilembo za maina ndi mpeni, basi n'kumapita.

Masiku ano zidzukulu zawo zimabwera pabasi, aliyense kufuna kusiyapo mwala wake. Koma dothi la kuno ndi lamakande, mwala sungaupeze. Malume anaika dengu pachipata: mwala umodzi, mayuro awiri. Alendo amagula, amaika pamulu, amalira, amajambulitsa. M'mawa mwake malume amapitako ndi wilibala, kukokolola yonse, kuitsuka, kuibwezera m'dengu. Ulipo mwala wina woyera umene akuti wauliridwa ndi mabanja osawerengeka.

"Malume, simuchita manyazi?"

"Manyazi? Nkhondo imeneyi inandidya zala, Griet. Nanenso ndiidye. Iwe unathawa matope, lero wabwera ndi nsapato zoyera kudzatilalikira. Pepani a Dona!"

Apo m'pamene ndinauona. Pakati pa miyala yonyowayo panali wina wakuda, wosemedwa mbali imodzi ngati wa pakhoma, ndere zikadali m'ming'alu. Ndinautembenuza. Panali zilembo ziwiri zokandidwa mokhotakhota: A ndi M.

"Uwu si wanu. Mwakumba mpaka yapansi."

Anausuzumira. "Fosholo siwerenga, mwana wa mlongo wanga."

"Ameneyu ndi munthu, malume!"

"Anali munthu. Pano ndi mayuro awiri." Anaulanda n'kuuponya m'dengu, gobede!

"Ndikaubwezera pamulu."

"Kaubwezere. Mawa udzaupeza muno. Ine sindisankha, msana wangawu sulola zowerama."

Tili mkati mokangana, basi inaima pachipata. Anatsika anthu ovala majekete a mvula, maluwa ofiira apepala ali pachifuwa. Malume nkhope inasintha pompo. Anavula chipewa, nagwetsa mapewa, dzanja lopunduka lija ataliika pamwamba pa dengu kuti aliyense alione. Umenewo ndiwo unandinyansa kuposa zonse, ukatswiri wake. Sanena bodza ngakhale limodzi. Amangosiya alendo aganize okha.

Bambo wina wonenepa anayamba kufukula m'dengumo. Ndinamumva akuuza mkazi wake kuti akufuna iwiri, wina woika pamulu, wina wokakongoletsa pashelefu kunyumba. Dzanja lake linkapita kwa wakuda uja.

Ndinamutsogolera. Ndinautola, n'kuponya ndalama m'chitini cha malume.

"Ha! Kasitomala woyamba ndi wapachibale," anatero m'chinenero chathu kuti alendo asamve, nkhope ikadali yamaliro. "Ukaikatu pamulu, Dona. Mawa ndidzakugulitsenso."

"Sindiika."

"Nanga?"

"Ndikupita nawo."

Anandiyang'ana, m'maso mukuseka. "Waiwala mwambo wake? Mwala ukachoka pamulupo ndiye kuti mwini wake wabwerako wamoyo. Wamuukitsa mnyamatayo, Griet. Ukamugulire mowa, ludzu lamupha."

Kumbuyo kwanga bambo uja anali atayamba kale kufwenthera, atagwira mwala woyera uja ndi manja awiri.

Ndinayenda wapansi kudutsa m'minda ya mbatatesi, nsapato zanga zoyera zikumira. M'mbali mwa msewu munali bomba ladzimbiri likudikira asilikali. Mwala unkalemera m'thumba la jekete, kulikokera mbali imodzi, ukundimenya pantchafu.

Nditafika kunyumba amayi anandifunsa chimene ndagula.

"Munthu," ndinatero, n'kumuika pazenera, zilembo zitaloza kumunda.