Khadi la a Sitefano

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene tinavota koyamba posankha zipani zambiri. Anzanga ankavina kuti zinthu zasintha, koma ine satifiketi ya Fomu 4 inali m'chikwama, khasu lili m'manja, ndikukumba mbatatesi za eni ku Kaphuka. Ndinati ayi, izi nzamasewera. Ndinagulitsa njinga n'kukakwera basi pa Linthipe.

Amene anandilandira ndi a Sitefano, a m'mudzi woyandikana ndi wathu. Ndiwo anandipezera ulonda pa fakitale ya makatoni pomwe iwo ankanyamula katundu. Pageti panali kamakina. Ukadutsitsapo khadi lako, nyali yobiriwira inkayaka, chitseko n'kutseguka. Khadilo linalibe chithunzi, nambala yokha basi. Bwana wamkazi wa mu ofesi ataona kuti Chizungu ndimalemba chomveka, anandikhazika pa kompyuta yosunga mayina. Wolowa ntchito ndinkamulemba. Wochotsedwa, wothawa ndi womwalira ndinkawafufuta kumapeto kwa mwezi. Ntchitoyo ndinkainyadira, sindinama. Kumudzi ndinkatumiza kangachepe ndi kalata yodzitama, osatchulamo kuti Lamulungu lonse ndinkangokhala pabedi kuyang'ana malata.

Chaka chachiwiri a Sitefano anadwala chifuwa n'kumwalira kuchipatala. Tinawaika konko, anthu asanu okha. Mng'ono wawo Lazaro anali atangofika kumene, wopanda mapepala, wopanda ntchito. Tikuchokera kumanda anandikokera pambali.

"Achimwene, dzina lija musalifufute. Khadi lili ndi ine, ndipo kapitawo wa onyamula katundu ndagwirizana naye kale."

"Nanga amayi ako kumudzi?"

"Ndidzawauza ndikakhazikika. Panopa nkhaniyi ingawaphe."

Ndinavomera. Kupusa kwanga! Mpaka lero ndikakhala m'dimba ndimadzifunsa chimene chinanditseka pakamwa. Miyezi isanu yathunthu, m'mawa uliwonse kompyuta inkandionetsa kuti Sitefano walowa.

Tsiku lina Lachitatu bwana uja anaponya pepala patebulo panga. Linali lochokera kuchipatala, lofika mochedwa monga mwa nthawi zonse.

"Munthu uyu anamwalira, koma lero m'mawa wadutsa pageti. Kaya ukugona kaya ukuba nawo, sindikudziwa. Pofika Lachisanu dzinali lichoke, ndipo undiuze amene akuyenda ndi khadilo. Apo ayi, ndikuitanira apolisi iweyo."

Nanenso mapepala anga anali ongoyendera, osati ogwirira ntchito. Poweruka ndinamudikira Lazaro kuseri kwa mpanda n'kumuuza kuti mawa asayerekeze kubwera. Iye anati:

"Inu mukhala mukudya. Ine ndidya chiyani?"

"Ukabwera akugwira, Lazaro. Tonse awiri tithera m'chitokosi."

Anandiponyera khadilo kumapazi n'kumapita. Lachinayi m'mawa ndinatsegula dzina la a Sitefano. Kompyuta inkafunsa kawiri ngati munthu watsimikiza, ndipo kawiri konseko ndinavomera. Kwa bwana ndinalumbira kuti khadilo linabedwa ndi munthu wosadziwika. Anandipatsa kalata yochenjeza, ntchito inapulumuka. Koma nditapita komwe Lazaro ankagona ndinapeza mwalowa kale munthu wina. Ena ankati anamuona akukwera sitima, ena ankati apolisi anamutola pamsewu. Ndinafufuza miyezi ingapo, kenako ndinatopa.

Patapita zaka zitatu fakitale inatsekedwa, ndinabwerera kwathu ndi wailesi ndi mabulangete awiri. Ndinkaganiza kuti nkhani yonse inafika kalekale kumudzi. Ha! M'mawa mwake, tulo tisanathe m'maso, anafika aNambewe, mayi wa anyamata aja, ndi mpukutu wa makalata m'kapepala ka shuga.

"Mwana wanga, Sitefano wamusiya bwanji? Ankalemba ndi kutumiza ndalama mwezi ndi mwezi, ngakhale atavulala chala ankauza mnzake kuti amulembere. Kenako zii. Dimba lake tikumulimirabe, wina aliyense tamukaniza. Koma mtchona uja Lazaro usandiuze n'komwe. Chipitire, ngakhale moni!"

Uthenga wa maliro sauzidwa kwa mayi pakhonde ngati nkhani ya mvula. Ndinangoti ndibwera masana, n'kuthamangira kwa alongo awo, eni mbumba. Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto, chipewa chili m'manja.

"Zaka zonsezi munthu ali m'dothi, ife tikumusungira mbewu? Iwe unali ndi pepala ndi cholembera, unkalembera yani?"

Ku Joni ndinachotsa munthu ndi chala chimodzi, koma kuno anasonkhana akuluakulu, anatuma anthu kumidzi inayi, ndipo belu la kutchalitchi linalira masana. Maliro anabuka ngati thupi lili m'nyumba. Ine ndinakhala pakati pa amuna, mutu uli pansi, manyazi akundidya.

Dzuwa litapendeka aNambewe anandiitanitsa. Mawu anali atasasa.

"Ndiye makalata a chala chovulala aja ankalemba ndi Lazaro?"

"Inde, amayi."

"Ndi ndalama zija?"

"Ndi iyeyo."

Anagwira mpukutu uja pachifuwa.

"Mwana ndakhala ndikumutukwana pamaso pa anthu uja. Pita ukamuuze abwere, ndimupepese. Ali kuti?"

"Sindikudziwa, amayi."