Kompyuta yomwe ndinatsogoza ku Manjawira

Maganizo opita ku Joni anandipeza ndili chiimire pamsika wa Manjawira, thumba la nandolo lili panjinga litasowa wogula. Pafupi nane panali mkulu wina wochokera ku Balaka amene ankabwera tsiku lamsika ndi kakompyuta kake. Ankathirira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni, ena kuwalembera makalata ofunsira ntchito. Anthu anali atamuunjirira, iye ali phee pabenchi, thukuta alibe. Ine ndinabwerera nalo thumba lija. Ndili m'njira ndinalumbira kuti ndikagwira ntchito kunja, ndikagule kompyuta yangayanga, ndidzakhale pakhonde la sitolo ku Manjawira mpaka imvi.

Akazi anga, Nanzunga, ndinawauza kuti ndi chaka chimodzi basi. Sanatsutse. Anangofunsa kuti denga adzafolera ndani mvula ikayandikira. Mwana wathu Tiyanjane anali asanayambe sukulu. Tinagulitsa mbuzi zonse zinayi, ine n'kukwera.

Chaka chimodzi chinasanduka zinayi. Za miyezi yoyamba sindikonda kukamba: kutsuka magalimoto, kugona anthu asanu m'kachipinda kamalata, Lamulungu n'kumangoyang'ana foni ngati muli munthu. Ndinkasungulumwa koopsa, ndisaname. Ndalama ndinkatumiza pang'onopang'ono, ndipo mwezi ukavuta ndinkazimitsa foni chifukwa cha manyazi. Mwayi unadza pamene mdala wina wa ku Mozambiki, wokonza makompyuta, anandilemba ntchito yosesa m'shopu mwake. Tonse tinkangomutcha Madala. Anali waukali, wosayamika, koma manja ake anali odziwa. Ataona kuti ndimaima kumbuyo kwake ndi tsache m'manja osasesa, anandiponyera sikuludilaiva nati ndisiye kumupumira m'khosi.

Ndi iyeyo anandiphunzitsa kuti kompyuta si chibokosi chakunjacho ayi. Mkati mwake muli kathabwa kopyapyala kodzaza timizere ta mkuwa, komwe zipangizo zina zonse zimalumikizidwa. Amati mazabodi, ife tinkangoti bodi. China chikafa umasintha, koma bodi ikafa, yafa yonse. Makampani opanga mabodi ndi ambiri, ndipo aliyense amalemba pakatoni pake kuti yake ndiyo yolimba.

Ndinamufunsa Madala kuti yodalirika ndi ya kampani iti. Sananditchulire dzina. Ananditengera kuseli kwa shopu komwe kunali mulu wa mabodi akufa.

“Usafunse wogulitsa, iwe Malawi,” anatero. “Funsa mulu uwu. Dzina lomwe anthu amagula kwambiri koma pamulu pano sulipeza, gula limenelo.”

Abale inu, ndinafunsa mulu uja kwa chaka ndi theka. Bodi iliyonse yakufa ndinkaitembenuza. Panali za kampani ina za makatoni ofiira, zowala, zokhala ndi timagetsi tamitundumitundu. Zimenezo timigolo take tosunga mphamvu tinkatupa pamwamba chaka chisanathe. Panali zina zotsika mtengo zomata dzina la eni, ukakanda ndi chala dzinalo n'kumatuka. Ndinaphunzira kuiyesa kulemera m'manja, kuyang'ana mtovu ngati waikidwa mwaudongo, kununkhiza ngati inapsapo. Ndinaphunziranso kufunsa za walanti, pepala lolonjeza kuti ikafa yokha adzakupatsa ina. Kampani yopereka miyezi isanu ndi umodzi imadziwa chomwe ikugulitsa.

Ndinakhazikika pa ya katoni yotuwa, yosakongola ngakhale pang'ono, ya walanti ya zaka zitatu. Pamulu paja ndinangoiona kawiri, ndipo konseko eni ake ndiwo anaithirira tiyi. Ndinamuvutitsa Madala ndi mafunso a kwathu. Nanga kutentha kwa Okutobala? Nanga fumbi la pamsika? Nanga magetsi athu othimathima aja, obwera ndi mphamvu ngati akwiya? Zonse anati ipirira. Ndinaimanga ndekha kompyutayo, wononga iliyonse ndi dzanja langa, ndipo italira koyamba kuti tii, ndinatuluka panja kuti Madala asaone nkhope yanga. Pano ndikamakumbukira ndimadziseka. Ndinafunsa zonse zomwe munthu wa m'shopu angafunse.

Nthawi yomweyo kunja kunali kutayamba kununkha. Anyamata a m'dera lathu anayamba kuyenda m'magulu, kuimitsa anthu n'kuwalankhulitsa chinenero chawo kuti amve lilime. Pazitseko za mashopu a obwera panayamba kupezeka timapepala toopseza. Mnzanga wa m'chipinda, Yohane wa ku Sharpevale, anam'peza masana akuchokera kuntchito. Anabwera atagwira nsagwada m'manja, ndipo mpaka lero amatafunira mbali imodzi. Ndinaona kuti kompyuta ikakhala pano ipsa. Ndinaikulunga, n'kuipereka kwa atransipota, aja onyamula katundu wa anthu kupita naye kumudzi. Ine ndinati nditsale miyezi iwiri, ndipeze ya pulinta ndi ya lendi.

Ndinawaimbira Nanzunga. Ndimakumbukira mawu anga onse chifukwa ndinawanena mokalipa. Paja katundu woyamba amene ndinatumiza, mabulangete ndi wailesi, anabedwa masana iwo ali kutchalitchi.

“Mayi a Tiyanjane, chikubwerachi ndi moyo wathu. Muchibise poti munthu sangaganize. Asachione aliyense, asachiyatse aliyense, ngakhale achimwene anu.”

“Ndamva,” anatero.

Miyezi iwiri ija inasanduka mvula ziwiri. Shopu inkatsekedwa sabata zathunthu, ndalama ya pulinta ndinkaidya, kenako n'kuyambanso. Ndikaimba foni ndinkafunsa za kompyuta ndisanafunse za mwana, Mulungu andikhululukire. Yankho linali limodzi: ili pabwino. Ndikafunsa kuti pati, ankati pafoni sanganene, chifukwa netiweki kwathu imagwira pachulu cha pamphambano pokha, pomwe sipasowa makutu. Chaka chachiwiricho anandiuza kuti kwavuta, chimanga chatha Khirisimasi isanafike. Ndinatumiza kochepa komwe ndinali nako, n'kufunsanso za kompyuta.

Tsiku lomwe anyamata aja anaotcha shopu linali Lachiwiri, cha m'ma teni mmawa. Ine ndinatulukira kuseli, kudumpha mulu wa mabodi uja. Madala sindinamuonenso ndipo foni yake siinagwirenso. Tinakhala m'bwalo la tchalitchi china masabata atatu mpaka mabasi atabwera kudzatitenga. Ndinafika pa Manjawira ndi jumbo yokhala ndi malaya awiri. M'basi monse anthu ankalira zomwe asiya, ine ndinkadzilimbitsa kuti changa ndinatsogoza. Nkhani inali yachidule: kompyuta ikayaka, ku Joni sindidzapondakonso. Ikakana, kamunda kathu sikatidyetsa, ndiye kuti ndibwerera komwe anthu akundidikira ndi zikwanje.

Nanzunga ndinawapeza ataonda, mitsempha ya m'khosi ili poyera. Tiyanjane anandigwadira patali ngati mlendo. Nditalowa m'nyumba maso anga anayamba kufufuza, kunsi kwa bedi, pamwamba pa mitanda, kuseli kwa mtsuko. Panalibe. Ndisanafunse, pakhomo panali patadzaza odzalonjera. Aliyense ankati mwayenda bwanji, maso ali pa jumbo yanga, kenako pachitseko cha kuchipinda. Amalume ena anafunsa mosabisa kuti katundu weniweni afika liti, popeza munthu sakhala ku Joni zaka zinayi n'kubwera ndi jumbo. Anaseka, ine ndinasekanso, koma kusekako sindinakukonde.

Anthu atachepa ndinawanong'oneza Nanzunga kuti andionetse. Anati tidikire Lachisanu, mudzi wonse ukapita kumsika. Masiku atatu amenewo ndinkawaona akudutsa kuseli kwa khitchini, maso awo n'kugwera pansi pa mtengo wa mango, pomwe panali kamulu ka dothi kovundikiridwa ndi udzu. Ndinkadziwa kuti ndi nkhuti, dzenje lomwe timasungamo mbatata ndi phulusa kuti ifike nyengo ya njala. Nyumba iliyonse ili nayo. Mtima unayamba kundiuza, ine n'kumaukaniza.

Lachisanu dzuwa litakwera Nanzunga anatenga khasu. Anachotsa udzu, anapalasa dothi, n'kuyamba kutulutsa mbatata. Inali yofota, ina itamera, ina itasanduka madzi akuda. Fungo lake linali loipa. Pansi pa mbatata panali phulusa lonyowa, lomata ngati phala, ndipo pansi pa phulusalo panali chimtolo chokulungidwa ndi matumba a feteleza ndi pepala lapulasitiki lofolerera denga, chomangidwa bwinobwino ndi linya. Anachikoka okha, osalola kuti ndiwathandize. Anachiika pamkeka patsogolo panga, n'kupukuta manja pachitenje. Ankamwetulira, abale.

Katoni inali itadyedwa ndi chiswe, pepala la walanti limodzi nayo. Wononga zinali dzimbiri lokhalokha moti ndinatsekula ndi mpeni. Chiswe chinali chitamanga timisewu take tadothi mpaka mkati. Bodi yanga ya katoni yotuwa ija, imene ndinaisankha chaka ndi theka, inali itachita nguwi zoyera, timizere ta mkuwa titasanduka tobiriwira. Ndinakhudza kamgolo kamodzi ndi chala, kanathothoka. Sindinafunike magetsi kuti ndidziwe. Mabodi akufa ndawagwira ambiri.

Ndine munthu wa phuma, aliyense kwathu akudziwa. Mawu anali atafika kale pakamwa. Koma iwo anayamba kulankhula, mofulumira, monyadira, ngati munthu amene wasenza katundu ulendo wautali ndipo tsopano akutula. Anati tsiku lomwe atransipota anatsitsa katunduyo, madzulo asanafike anthu atatu anali atabwera kudzapempha moto. Anati sabata yomweyo anapeza zenera la kuchipinda litathyoledwa. Ndiye anauza anthu kuti m'katonimo munali mapoto, ndiponso kuti anawagulitsa ku Nsipe. Nyumba akuba anaithyola kawiri konse ine kulibe, mpaka kung'amba matiresi, koma nkhuti palibe anaiganizira. Chaka choyamba anasintha mbatata yapamwamba mwakachetechete. Chaka chachiwiri, cha njalacho, sanaitsekule n'komwe.

Ndinafunsa chifukwa chake, popeza munali chakudya.

Anandiyang'ana ngati ndaiwala kwathu. Paja nkhuti sutsekula wekha nthawi ya njala. Khasu likangolira, anansi amabwera ndi timadengu, ana awo n'kulowa m'dzenjemo kukuthandiza kutola mpaka pansi, ndipo sungawakanize. Choncho anauza mudzi wonse kuti mbatata inaola, asavutike. Iwo ndi Tiyanjane anatha Januwale ndi Febuluwale akudya kamodzi patsiku, nthawi zina mango aawisi ophika, mbatata ili pansi pa mtengo womwewo.

Mkwiyo wanga unasowa pogwira. Ndinachita manyazi, ndipo ndinachita mantha kuposa tsiku la moto lija. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti wosakidwa ndine ndekha, kumudzi anthu akugona mwamtendere. Chonsecho katundu aliyense amene ndinkatumiza ankawaitanira maso pakhomo, ndipo owaopawo sanali achilendo olankhula chinenero china. Anali omwe aja anadzandilonjera, otidziwa ndi mayina.

Nanzunga anasiya kulankhula. Anayang'ana bodi ija, n'kuyang'ana ine.

“Bambo a Tiyanjane, ndinasunga bwino?”

“Munasunga bwino,” ndinatero. “Palibe anaiona.”

“Iyaka?”

Ndinati ndiyesa kuipukuta. Anatola mbatata zingapo zomwe zinali zisanaoleretu, n'kupita nazo kukhitchini. Ine ndinakhala pamkeka paja ndi kamswachi, kupukuta chinthu chomwe ndinkadziwa kuti chinafa mvula yoyamba. Ndinapukuta mpaka anthu atayamba kubwera kumsika, kenako ndinakailowetsa m'nyumba msangamsanga kuti asaione, ngati kuti panali chobisa.

Za ulendo sitinakambirane. Sindinatchule Joni, iwonso sanatchule. Loweruka ndinakonza denga, Lamulungu tinapita kutchalitchi, anthu anandiimbira nyimbo yothokoza kuti ndabwera wamoyo. Lolemba mmawa Nanzunga anati akupita kwa achimwene awo. Anabwerako masana atanyamula chikwama chachikulu chapaulendo, chobwereka. Anachichapa, anachiyanika mkati mwa nyumba kuti anthu asachione, n'kusoka zipi yake yomwe inali itamasuka. Atamaliza anandifunsa, maso ali pa singano, ngati kumeneko kukuzizirabe mwezi uno, kuti adziwe ngati aikemo juzi.